Matabwa, Bailey, konkire kapena dirifiti, pamtsinje wanu pakufunika chani?

Mvula ikangosiya, kumisonkhano ya ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera ija, nkhani imakhala imodzimodzi: mlatho. A khansala akufuna mlatho, a phungu akufuna mlatho woti adzadulepo riboni atolankhani akujambula, amayi akufuna poti ana aziwolokera popita kusukulu osati kumawabereka m'madzi ofika m'chiuno. Ine ndakhalapo mukomiti ya polojekiti kwathu kawiri, ndipo ulendo woyamba tinamanga kamlatho kokongola ndithu, kopenta zoyera ndi zakuda m'mbalimu, koma mvula itabwera mtsinje unangokalambalala nkudzikumbira njira yake kumbali, mpaka lero kangoima pamchenga pansi pake popanda madzi, mbuzi ndi zimene zimausapo. Ndiye ndati ndilembeko zimene ndinaphunzira, kwa anzanga amene muli m'makomiti a ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lija, kapena za khonsolo. Sindikunena za milatho ya pa M1 ayi, imeneyo ndi ya a Roads Authority, ali ndi mainjiniya awo. Ndikunena zathuzi za kumudzi, zimene timakangana pansi pa mtengo wa mango.

Tiyambe ndi wa matabwa poti ndi umene ambirife tinakulira. Mumamanga zipilala za miyala kapena njerwa mbali ziwiri, kuyalapo mitengo ikuluikulu ya bulugama kapena zitsulo, pamwamba matabwa, basi mwatha. Ubwino wake ndi woti ndi wotchipa, sutenga nthawi, ndipo kalipentala wa pamudzi pompo atha kuukonza thabwa likathyoka. Koma abale, mlatho wa matabwa uli ngati ngongole ya katapila, umalipira chaka ndi chaka. Chiswe, mvula, dzuwa, kenako ngolo ndi kabaza kugwedeza misomali mpaka kuzuka. Matabwa akakhala osanyikidwa m'mankhwala, zaka zochepa chabe afumbwa, ndipo kupaka oilo wakuda wa galimoto pamwamba kuja kumangothandiza pang'ono, mkati mukuola. Kuwonjezera apo pali achimwene athu ena oti akaona thabwa labwino amaona chitseko cha nyumba yawo. Nthawi ya fetereza lole yodzadza ikafika, dalaivala amatsika kaye kukayang'ana pansi, nkupukusa mutu, matumba kutsitsira tsidya lino anthu azisenza. Ngati pamadutsa anthu, njinga ndi njinga zamoto zokha, pakamtsinje kakang'ono, wa matabwa ulibe vuto. Koma ngati mukufuna ambulansi izidutsa usiku mvula ikugwa, musadzinamize.

Bailey ndiye aja azitsulo zolumikiza timaona akangokokoloka mlatho waukulu. Dzinali ndi la Donald Bailey, mzungu wa ku Britain amene anaukonza nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti asilikali aziwoloketsa magalimoto ankhondo mwachangu. Nzeru yake ndi yapamwamba: chigawo chimodzi ndi chotalika pafupifupi mamita 3, cholemera makilo pafupifupi 260, choti amuna 6 atha kunyamula ndi manja, ndipo amalumikiza zonse kumtunda nkumakankha pa timawilo mpaka kukagunda tsidya linalo, popanda kireni. Nchifukwa chake pambuyo pa namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023 ndi umene umathamangiridwa, masiku ochepa msewu watseguka. Ndiye anthu akaona changu chimenechi amati bwanji nafenso tigule wotere. Iyayi. Zitsulo zake zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja, komiti ya kumudzi singazikwanitse, ndipo nthawi zambiri ndi wa njira imodzi, galimoto ziwiri sizipatukirana. Umafunanso munthu woziona pafupipafupi, kumanga mabawuti, kupenta kuti dzimbiri lisadye. Akuba zitsulo akachotsa mapini awiri atatu inu simudziwa, mumangodutsa, tsiku lina lole yopyola kulemera kolembedwa pachikwangwani idzaupinda pakati. Chinanso, Bailey naye amakhala pa zipilala, ndiye zipilalazo zikakhala zabodza ngakhale zitsulo zikhale zolimba bwanji zonse zikapezeka kumunsi kwa mtsinje. Ndi mlatho wa pangozi, wongogwirizira, koma kwathu kuno chongogwirizira chimatha zaka makumi.

Tsopano wa konkire, umene aliyense amaulota. Ukamangidwa bwino palibe wofanana nawo, adzukulu anu adzaupeza, sufuna kusintha matabwa, wakuba sangausenze. Koma mawu oti ukamangidwa bwinowo ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthufe timayang'ana pamwamba, pamene timaponda, pomwe mlatho umafera pansi ndi m'mbali. Madzi akamathamanga amakumba mchenga kuzungulira chipilala, pang'onopang'ono, mpaka chipilala chitsala chili lende, kenako chapendekeka, denga lonse la mlatho, pamene timaponda paja, lagwa lili lathunthu losasweka nkomwe. Ndiye funso loyamba kwa kontilakita lisakhale loti mupenta mtundu wanji, likhale loti maziko mwakumba mpaka pati, mwafika pathanthwe kapena pa dothi lolimba, kapena mwangosiyira pamchenga poti madzi anayamba kudzadza m'dzenje ndipo pampu munalibe.

Vuto lachiwiri ndi limene linatigwera ifeyo. Ndalama zinali zochepa, ndiye mlatho tinaufupikitsa kuti ukwanire bajeti, mtsinje nkuupanikiza ndi dothi mbali zonse ziwiri kuti ulowe pakabowo kathuko. M'chilimwe zinkaoneka zanzeru. Agogo ena anatiuza ndithu, analoza ndi ndodo pamtengo wa mkuyu kuti madzi a chaka chakutichakuti anafika apa, ife nkumaseka kuti agogo za uinjiniya azidziwira kuti. Madzi atabwera ndi zinyalala, mitengo ndi nsungwi zinatseka pakabowo paja, madzi nkudya dothi lothira lija usiku umodzi. Ndipo izi sizichitikira timilatho ta kumudzi tokha, mlatho wa Chapananga pamtsinje wa Mwanza ku Chikwawa, wautali mamita 180, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 sanausiye. Ndiye ngati wa ndalama zankhaninkhani chonchija unavutika, kathu ka matumba a simenti owerengeka pamtsinje wolusa kangalimbe bwanji.

Kenako pali za kasakanizidwe, apa ndiye pamabedwa kwambiri. Thumba la simenti ndi makilo 50, muziwerenga angati alowa ndipo angati atuluka pageti madzulo. Konkire wamba amasakaniza 1:2:4, simenti, mchenga, kwale, koma wa denga la mlatho amafuna wamphamvu kuposa pamenepo, monga mwalembera injiniya. Mchenga ukhale wopanda dothi, ingothirani m'botolo ndi madzi nkukhutchumula, ukadikha muona matope akhala pamwamba, akachuluka ukaneni. Anyamata osakaniza amakonda kuthira madzi ambiri kuti fosholo ipepuke, koma konkire wa phalaphala ndi wofooka. Zitsulo za mkati, ma Y12 ndi ma Y16 aja, kutanthauza zonenepa mamilimita 12 ndi 16, muziziona ndi maso anu asanathire, kukula kwake ndi katalikirana kwake, chifukwa akathira basi zabisika mpaka kalekale, ndipo zisagunde matabwa, pakhale mpata wa zala ziwiri zitatu kuti dzimbiri lisazipeze. Akathira azithirira madzi osachepera sabata yathunthu, ndipo mphamvu yake yeniyeni imakwana pa masiku 28, osati a bwana akubwera Loweruka ndiye titsegule Lachisanu. Pa ntchito yooneka amatapako konkire m'timabokosi kukayesa ku labu, funsani mapepala ake, si mwano.

Dirifiti ndi imene anthu amainyoza, amati si mlatho, ndi msewu wongodutsa m'madzi. Zoona, ndi konkire woyalidwa pansi penipeni pa mtsinje, madzi akadzadza amadutsa pamwamba. Koma taganizani, mitsinje yambiri ya kuchigwa cha Shire ndi madera ena ndi mchenga wokhawokha miyezi yambiri pachaka, yotakata kwabasi, madzi amabwera mwaukali maola ochepa nkuphwera. Pamtsinje wotere mlatho wautali wokwanira simungauthe, waufupi ukokoloka kapena kulambalalidwa ngati wathu uja, pomwe dirifiti silimbana ndi madzi, mitengo ndi zinyalala zimangodutsa pamwamba palibe pokodwa. Sifuna zitsulo zambiri, miyala ndi mchenga zili pompo, anthu a m'mudzi amapezapo ganyu, ndipo lole yolemera bwanji imadutsa osaopa. Chinsinsi chake ndi makoma okwiriridwa pansi kumtunda ndi kumunsi kuti madzi asalowe kunsi kwake, komanso miyala ya m'mawaya, magabiyoni aja, kumunsi kumene madzi amagwera, apo ayi amakumba dzenje nkuyamba kuidya chobwerera. Malekezero ake akwere mpaka kupyola pamene madzi amafika, osati kuthera m'mphepete mwa mchenga. Ndinaonanso kwina kuti mchenga wodikha kumtunda kwa dirifiti umasunga madzi, mu Okutobala amayi akufukula pomwepo nkumatunga.

Kuipa kwake nakonso sindibisa. Mtsinje ukadzadza mudikira, kaya ndi maola atatu kaya tsiku, ndipo mayi wapakati matenda akamuyamba usiku umenewo dirifiti simuthandiza. Imaphanso anthu osaleza mtima, madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, galimoto yaying'ono amainyamula ngati chibekete, ndiye timizati toonetsa m'mbali ndi kuya kwa madzi tisasowe, ndipo ana asukulu auzidwe. Pamtsinje woyenda chaka chonse dirifiti wamba imamera ndere, kuterera kwake njinga zamoto kugwa tsiku ndi tsiku. Pamenepo pali ina yokwezekako yokhala ndi mapaipi pansi, madzi a masiku onse amadutsa m'mapaipimo, a chigumula okha ndi amene amakwera pamwamba. Kwa ine imeneyi ndi imene ikanatikwanira kwathu, ndalama zomwe zija.

Makalavati, mapaipi odutsitsa madzi pansi pa msewu aja, ndingotchulako pang'ono poti ena amawasokoneza ndi mlatho. Paipi ya mamilimita 600 kapena 900 ndi ya ngalande ndi timifuleni, osati mtsinje. Mukaika pamtsinje itsekeka ndi mapesi mvula yoyamba. Ndipo kalavati aliyense amafuna kufukulidwa mvula isanayambe, ntchito imene palibe amaikumbuka.

Ndiye poyerekeza zonsezi ine ndimayamba ndi mtsinjewo, ndalama pambuyo. Wakuya, wa magombe olimba, wopapatiza, woyenda chaka chonse, ndipo tsidya linalo kuli chipatala: konkire, ndipo ngati ndalama za chaka chimodzi sizikwana kuli bwino kumanga zipilala zabwino chaka chino nkuyalapo matabwa mongoyembekezera, denga la konkire lidzabwere chaka chamawa, kusiyana ndi kufinya zonse mu bajeti imodzi. Wotakata wamchenga wouma m'chilimwe: dirifiti, ngakhale a phungu anyinyirike kuti siioneka bwino pachithunzi. Kamtsinje ka anthu oyenda pansi: matabwa, koma mugwirizane kale kuti wosintha thabwa ndani ndipo ndalama yake izichokera kuti. Mitsinje ya m'mphepete mwa phiri ngati ku Mulanje ndi Phalombe ndi nkhani ina, kumene kuja madzi amabwera ndi miyala yaikulu ngati nyumba, amene anaona napolo wa 1991 pa Michesi kapena Freddy akudziwa, kumeneko musayerekeze nkomwe kusankha nokha popanda injiniya kufika pamalopo ndi mapazi ake, osati kujambula ali muofesi ku boma.

Chomaliza chimene tinalakwitsa ife, tinasainira kuti ntchito yatha bwino mu Seputembala, kontilakita nkulandira zake zonse mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Pamgwirizano pamayenera kukhala kandalama kotsala kosungidwa, kamene amalandira pakatha nthawi yoona ngati pali zolakwika, nthawi zambiri chaka. Ife tinamumvera chisoni poti ankadandaula za anyamata ake osalipidwa, ndipo anatigulira fanta. Titamuimbira mu Febuluwale foni inali yozima.