Mabuku anayi opata mphoto anandifika pa basi ya ku Lusaka: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Papita miyezi itatu chilandirireni phukusi langa. Mabuku onse anayi ndawawerenga, ena kawiri, ndiye tsopano nditha kunena zomwe ndaona. Ndinagula kwa mtsikana wina wa ku Lusaka amene amagulitsa mabuku pa WhatsApp n'kumatumiza pa basi. Dzina lake sinditchula, chifukwa pali chimodzi chimene chinandikhumudwitsa, ndipo sindifuna kumuonongera malonda pamene zambiri anachita bwino.

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina kuno ku Chipata, ndipo Loweruka masana timakumana ndi ana a giredi 11 ndi 12 okonda kuwerenga. Tsiku lina mnyamata wina anandifunsa kuti, "Madamu, kodi m'Zambia muno alipo amene anawinako mphoto ya kulemba, kapena ndi a ku Nigeria okhaokha?" Tinali titangokamba za Wole Soyinka, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1986. Mayina a anthu athu ndinali nawo pakamwa, koma buku loti ndimuike m'manja ndinalibe. Ndinazungulira tauni yonse, kuyambira ku Down Shops mpaka kumsika wa Kapata. Mabuku a silabasi ali mbwee, mapepala a mayeso akale, Mabaibulo, mabuku a nyimbo. Koma ndikatchula Namwali Serpell, mlembi wobadwira ku Lusaka m'dziko lathu lomwe lino, ogulitsa ankangondiyang'ana.

Nambala ya mtsikanayu anandipatsa ndi mphunzitsi mnzanga wa ku Katete. Ndinamulembera madzulo, m'mawa ndinapeza wanditumizira zithunzi za zikuto ndi mitengo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti katundu wake amamudziwa. Nditamuuza kuti ndikufuna nkhani imene inapatsa Serpell mphoto ya Caine, ya nkhani zazifupi za alembi a mu Africa, mu 2015, sanachite kukafufuza. Anangoti, "Amayi, imeneyo ndi The Sack, ilibe buku lakelake, koma ili m'buku la nkhani za Caine za chaka chimenecho, Lusaka Punk and Other Stories." Wogulitsa wotere ndi wosowa. Ndinaitanitsa limenelo, The Old Drift la Serpell yemweyo, Patchwork la Ellen Banda-Aaku, ndi The Mourning Bird la Mubanga Kalimamukwento. Ndinalipira pa foni, ndalama ya basi ndinaonjezera padera.

Mtengo ndi wowawa, ndisabise. The Old Drift lokha linandidyera ndalama yoti ndikanagula thumba la ufa n'kutsalako ya ndiwo. Komabe nditawerengera ulendo wa Chipata mpaka Lusaka, makilomita oposa 500 pa Great East Road, kupita ndi kubwera, ndinaona kuti kutumiziridwa n'kotchipa kutalitali.

Anati phukusi lifika Lachiwiri, linafika Lachinayi. Pamenepo sindimuimba mlandu kwenikweni, chifukwa tsiku lililonse ankandiuza pamene zinthu zili, ndipo atapereka katundu pa siteshoni ya mabasi ya Intercity anajambula risiti n'kunditumizira ndi nambala ya kondakitala. Basi inalowa kutada, kukugwa mvula. Kondakitala anasolola katoni pansi pa matumba a anyezi, m'mbali mwake mutanyowa, mtima wanga unangoti phwii. Kunyumba malaiti anali atapita, ndiye ndinang'amba tepi ndi mpeni wa kukhitchini, mwana wanga ataunikira ndi foni. Buku lililonse linali m'pulasitiki yakeyake, lokulungidwanso m'nyuzipepala. Dontho silinalowe ngakhale limodzi. Pa kapakidwe ndikumupatsa nyenyezi zonse.

Chondikhumudwitsa chinali Patchwork. Ndinalipira mtengo wa latsopano, koma linafika lowerengedwa kale. Patsamba loyamba panali dzina lofufutidwa ndi bolopeni, masamba ena atapindidwa m'makona, ndipo a pakati anali atayamba kuzuka. Buku la salaula sindidana nalo, mashelefu anga adzaza ndi otero. Chimene chinandiwawa n'chakuti sanandiuze. Nditamuimbira anavomera msanga. Anati, "Pepani amayi, latsopano linatha, ndinaopa kukuchedwetsani." Ndinamuuza kuti mwana wanga, wogula umamuuza zoona asanalipire, asankhe yekha. Anabweza gawo la ndalama tsiku lomwelo osakangana. Nyenyezi imodzi yachoka pamenepo.

Za mabuku enieniwo, amene mukufuna kugula mumve izi. Chizindikiro cha mphoto pachikuto sichitanthauza kuti mwana wa sukulu adzafika kumapeto. The Old Drift linatuluka mu 2019, ndipo mu 2020 linatenga mphoto ya Arthur C. Clarke, chaka chomwe mlembi wake analandiranso ya Windham-Campbell. Ndi buku lalikulu, masamba oposa 500, lotsata mabanja atatu kuchokera kwa agogo, amayi, mpaka adzukulu, ndipo pakati pa mitu udzudzu umalankhulapo ngati anamandwa a m'nthano. Ine linandikomera kwambiri, koma linanditengera masabata atatu, ndipo nthawi zambiri ndinkabwerera kumayambiriro kukaona kuti uyu ndi mwana wa yani. Mwa ana anga anamaliza ndi awiri okha. Koma gawo la Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi uja amene mu 1964 ankakonzekeretsa achinyamata kupita kumwezi, ndinawawerengera mokweza pansi pa mtengo wa mango, ndipo belu la chakudya linalira palibe wonyamuka. Ambiri ankayesa kuti Nkoloso ndi munthu wongopeka. Nditawauza kuti anali munthu weniweni, ndi Matha Mwamba yemwe, mtsikana amene anali m'gulu la achinyamatawo, mafunso sanathe tsiku limenelo.

Lomwe layenda m'manja ambiri ndi Patchwork lija, lothothoka masamba, moti ndalimata kawiri ndi guluu. Linapata Penguin Prize for African Writing mu 2010. Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo nkhani ya kamtsikana Pumpkin, kokulira pakati pa mayi womwa mowa ndi bambo wa banja lina, ana athu akuidziwa chifukwa ena mwa iwo ndi mmene akulira. Mtsikana wina wa ku Mchini analibweza n'kunena kuti, "Madamu, amene analemba uyu ngati anakhalako kwathu." Ngati ndalama yanu ikukwana buku limodzi lokha, yambani ndi limeneli.

The Mourning Bird, limene linatenga mphoto ya Dinaane mu 2019, ndi lolemera mumtima. Likunena za Chimuka, mwana wa mphunzitsi amene makolo atamwalira anathera m'misewu ya Lusaka m'zaka zomwe Edzi inkakolola anthu. Aphunzitsi anzanga ndi makolo, yambani mwaliwerenga nokha musanapatse mwana, muli zinthu zofuna wamkulu pafupi. Mlembi wake sanalekere pomwepo, mu 2024 anapatanso mphoto ya Drue Heinz ku America.

The Sack ndi yaifupi koma yolimba ngati chimanga chokazinga, imafuna kutafuna pang'onopang'ono. Tinaiwerenga kawiri, ndipo ana anatsutsana za mathero ake mpaka dzuwa kupendeka. Chimene chinawakhudza koposa ndi zomwe mlembi anachita atapambana. Serpell anali munthu woyamba wa ku Zambia kutenga mphoto ya Caine, ya mapaundi 10,000, ndipo ndalamayo anagawana ndi anzake anayi amene anafika nawo kumapeto kwa mpikisano. Mnyamata uja wa funso la Nigeria anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti analeredwa bwino."

Pali china chimene chandikhala pamtima, ngakhale mlandu wake si wa wogulitsayu yekha. Ndinamufunsa ngati ali ndi buku lililonse la m'chinenero chathu lopata mphoto. Analibe ngakhale limodzi, pamndandanda wake wonse. Ine ndinkafuna Nthondo la Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma ku Malawi, limene linapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Linalembedwa m'Chinyanja, ndipo pambuyo pake Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa mu 1934. Taonani mmene zinayendera: Chinyanja chinali patsogolo, Chingerezi chinabwera pambuyo kudzapempha. Malemu bambo anga anali nalo bukuli, lachikuto chong'ambika, ankalisunga m'sutikesi pamodzi ndi makhadi a ubatizo, ndipo linatayika pa maliro awo. Lero mphoto ya Caine imalandira nkhani zosindikizidwa m'Chingerezi, ndipo mwana wa ku Chadiza kapena ku Vubwi wodziwa kusimba ngati Julius Chongo ankasimbira pa wailesi mu Poceza m'Madzulo amayamba kuganiza kuti luso lake lilibe kopita. Ndikufuna ana anga agwire Nthondo ndi manja awo, aone kuti chinenero chimene amalankhula pa chitsime chinapatapo mphoto kalekale agogo awo asanabadwe.

Kwa amene mukufuna kuitanitsa, funsani poyera ngati buku ndi latsopano kapena lakale, ndipo akutumizireni chithunzi cha mkati osati chikuto chokha. Mukakhala awiri kapena atatu phatikizani oda yanu, ndalama ya basi ndi imodzimodzi. Nthawi ya mvula mukumbutseni za pulasitiki, ngakhale kwa ine anachita yekha osauzidwa.

Ndidzagulanso kwa iye. Ndamuuza kale kuti mwezi ukatha andisungire buku limodzi la Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar, amene anatenga Nobel mu 2021. Za Nthondo wandiyankha dzulo kuti ali ndi mnzake ku Lilongwe amene akufunsafunsa kwa ogulitsa mabuku akale, ndipo likapezeka lidzadzera pa malire a Mwami, osazungulira ku Lusaka. Likafika m'manja mwanga ndidzabwera kudzaonjezera nyenyezi yachisanu.