Kalasi yofewetsa mfundo za thupi pa jimu ina ku Kasungu

Kalasiyi ndi ya mphindi 45, ndipo ndalama yake siipita pachabe. Mphindi 10 zoyambirira n'zotenthetsa thupi, kenako kuzunguza mapewa, chiuno ndi akakolo pang'onopang'ono, kasanu mbali iliyonse.

Pokoma penipeni ndi ponyonyomala. Mumatsika mpaka pansi n'kukhala masekondi 30, zidendene zili chipondere. Zikamanyamuka, kawirikawiri vuto ndi akakolo ouma, ndiye aphunzitsi amakuikirani kathabwa kunsi kwa chidendene, n'kumakachepetsa pakapita masabata. Akabaza, amene chiuno chimawauma chifukwa chopalasa tsiku lonse, apa ndiye pawo.

Chodandaulitsa ndi simenti: pogwada mawondo amalira, choncho bwerani ndi mkeka. Komanso Loweruka anthu amachuluka, moti wopinda msana molakwika kumbuyoko aphunzitsi samuona.