Batire lachiwiri kapena alternator yaikulu, amp (amplifier ya nyimbo) ya m'galimoto yanu ikufuna chiti?

Musanagule chilichonse werengani kaye kuti amp yanu ikudya magetsi ochuluka bwanji. Tengani ma watts a RMS, mphamvu yomwe amp imatha kutulutsa mosalekeza, osati a max olembedwa pakatoni aja, amenewo ngotsatsira malonda basi. Amp ya class D (mtundu wosawononga magetsi ambiri) ya 1000W RMS mukagawa ndi 13.8 volts, magetsi a galimoto injini ikamalira, n'kuganiziranso kuti pafupifupi 20% imathera m'kutentha, mupeza kuti ikudya ma ampere (A) pafupifupi 90 ikamagunda mwamphamvu. Pomwe alternator (chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira) ya tigalimoto ngati Vitz kawirikawiri siipitirira 100A, ndipo malaiti, AC ndi fani zikudyanso pomwepo.

Batire lachiwiri ndi lotchipirako kusiyana ndi alternator yaikulu komanso, makamaka la AGM (lomata, losadontha asidi), limathandiza ngati mumakonda kuliza nyimbo injini itazima, koma silipanga magetsi ayi, limangosunga, ndiye alternator yomwe ija izivutika kudzaza mabatire awiri tsopano. Alternator yaikulu njodula, kupeza yokwana pa injini yanu n'kovutanso, koma ndiyo imathetsa zoti mahedilaiti aziphethira bass ikagunda mukuyenda usiku.

Ine ndingayambe ndi Big 3, kusintha waya wochoka ku alternator kupita ku batire ndi ma earth awiri aja, wa batire kupita ku bodi ndi wa injini kupita ku bodi, kuyika onenepa, kenako alternator. Capacitor (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono kwa kanthawi) payokha musatayirepo ndalama.