Odoo Online patatha chaka: mavuto amabisala pa mtengo wa katundu

Odoo ndi pulogalamu ya kampani ya ku Belgium imene imasunga zogula, zogulitsa, sitoko ndi maakaunti mu database (nkhokwe ya pakompyuta yosungira zolemba) imodzi ya PostgreSQL. Odoo Online ndi Odoo yoyendera pa seva za kampaniyo. Tayigwiritsa ntchito chaka chathunthu m'bizinesi yoitanitsa katundu kunja n'kumagulitsa m'mashopu. Ndi yodalirika, koma chimene munalakwitsa poyikhazikitsa imachisunga mpaka tsiku lotseka mabuku. Ndi pamenepo mumapeza kuti mtengo wa katundu wa m'sitoko sukugwirizana ndi wa m'maakaunti.

Gwero loyamba la vutoli ndi Costing Method, njira yowerengera mtengo wogulira katundu. Gulu lililonse la katundu limayamba lili pa Standard Price, kutanthauza kuti mtengo wogulira umene munalemba pamanja susintha ngakhale mutagula modula. Kwa woitanitsa katundu kunja, zimenezi n'zoopsa. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali pa Standard Price osasintha mitengo ankaona phindu limene kulibe. Sankhani AVCO (mtengo wa avereji wa zonse zimene mwagula) kapena FIFO (katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka) musanalowetse katundu woyamba. Landed Costs, imene imagawira katundu ndalama za thiransipoti, msonkho wa pachipata ndi za wokiliyalitsa, imagwira pa njira ziwirizi zokha.

Chachiwiri n'chakuti Odoo imalola kugulitsa katundu amene sanalowe m'mabuku. Lole yatsitsa makatoni 20 a mafuta ophikira, wa kusitoko sanadine Validate pa risiti yolandirira, ndipo wa pashopu wagulitsa onse. Sitoko imaonetsa -20, ndipo mtengo wogulira umatengedwa wakale. Kusiyanako kumadzakonzedwa risiti ikatsimikizidwa, koma ngati mwezi wadutsa kale, phindu la miyezi iwiri limasokonekera. Katundu azitsimikizidwa tsiku lomwe wafika. Mukatseka mwezi, ikani Lock Date kuti wina asabwerere m'mbuyo kukasintha invoice.

Polowetsa mndandanda wa katundu kuchokera mu Excel, musasiye gawo la External ID, chizindikiro chapadera cha chinthu chilichonse. Likakhalapo, kulowetsanso fayilo kumakonza zomwe zilipo kale. Likasowa, chinthu chimodzi chimalembedwa kawiri, ndipo chikangogulitsidwapo sichifufutika, mumangochibisa ndi Archive.

Point of Sale, gawo logulitsira pashopu, yatisangalatsa. Intaneti ikaduka shopu itatsegula kale session (nthawi yogulitsa mu pulogalamuyi), malonda amapitirira, ndipo maoda amasungidwa mu browser mpaka netiweki ibwere. Koma wina akapukuta cache (zimene browser yasunga) maodawo asanatumizidwe, atayika. Ogulitsa onse adziwe zimenezi tsiku loyamba.

Za database, dziwani malire musanalipire. Pa Odoo Online simungalembe SQL (malamulo ofunsira database) mwachindunji, ndipo simungaike module (gawo lowonjezera) yanuyanu ya Python. Kulumikiza pulogalamu ina kudzera pa API (njira yolumikizirana mapulogalamu) kumafuna pulani yolipira ya Custom, monganso Studio (chida chosinthira maonekedwe ndi mafomu a Odoo) ndi kuyendetsa makampani angapo. Wofuna malipoti ake a SQL kapena code yake apite ku Odoo.sh (seva za Odoo zolola code yanu) kapena pa seva yake. Kusamuka n'kotheka, koma kumadya nthawi, choncho ndi bwino kuganiza msanga. Ngakhale kampani ya Odoo imasunga backup (kope la database yanu), muzikopera yanu mwezi uliwonse. Imabwera ngati fayilo ya zip yokhala ndi database pamodzi ndi zikalata zonse zimene munamatako.

Mtundu watsopano umatuluka chaka chilichonse, ndipo kampaniyo imathandiza mitundu itatu yaposachedwa yokha popanda malipiro owonjezera, ndiye kusamukira ku mtundu watsopano sikuthawika. Yambani ndi database yoyeserera ya mtundu watsopanowo, imene situmiza maimelo kwa makasitomala. Pangani oda yogula, landirani katundu, gulitsani, sindikizani invoice, kenako onani ngati zonse zimene munasintha ndi Studio zidakali m'malo mwake. Maonekedwe a invoice ndiwo ayenera kuyang'anidwa kwambiri, chifukwa ndi amene amafika m'manja mwa kasitomala.