Kulembetsa voti ku Britain: fomu ya funso limodzi pa tsamba

Abale kumudziko, ambiri simudziwa kuti Mmalawi wokhala ku Britain ndi chilolezo chovomerezeka amavota, ngakhale pa chisankho cha aphungu, chifukwa dziko lathu lili m'bungwe la Commonwealth. Kwathu kulembetsa ndi kukaima pamzere ku senta ya MEC, chiphaso cha unzika chili m'manja. Kuno zimathera pafoni, m'mphindi ngati 5, ndipo chinsinsi chake chagona pa mmene fomuyo anaiyalira.

Ntchito za boma anazisonkhanitsa pa webusaiti imodzi, GOV.UK, yomwe nthambi ya Government Digital Service inatsegula m'chaka cha 2012. Kulembetsa voti pa intaneti kunayamba mu 2014. Ukatsegula tsamba loyamba, usanalembe kalikonse, amakuuziratu amene ali woyenera, nthawi yomwe utenge, ndi choti ukhale nacho pafupi: nambala ya National Insurance, yomwe boma limakupatsa kuti lizikuzindikirira pa za ntchito ndi msonkho. Pansi pake pali batani limodzi lobiriwira. Palibe chithunzi cha nduna, palibe uthenga wa mkulu wa ofesi.

Kenako mafunso amabwera limodzilimodzi, lililonse pa tsamba lake. Ndiwe nzika ya dziko liti? Unabadwa liti? Tsiku lobadwa lili ndi timabokosi titatu, ka tsiku, ka mwezi ndi ka chaka, kuti munthu asasokoneze. Pa adiresi umangolemba postcode, nyumba za mumsewu wako n'kutuluka, iwe n'kusankhapo yako. Ubwino wa funso limodzi pa tsamba ndi woti yankho lako limatsogolera njira: funso losakukhudza suliona n'komwe. Ukalakwitsa, mawu ofiira amaloza bokosi lenilenilo ndi kunena choti ukonze, zina zonse unalemba zija osafufutika. Usanatumize, mayankho onse amaoneka pa tsamba limodzi kuti uwaunike. Chingerezi chakenso n'chachidule dala, choti ndi mwana wa pulayimale yemwe amve. Olemba ake amaletsedwa mawu a mu ofesi ongozunguza mutu.

Koma fomu yabwino siithetsa zonse, ndipo apa ndi pomwe anzathu amagwa. Kutumiza fomu si kulowa m'kaundula. Dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ija amazifananiza ndi zimene zili ku nthambi ya boma yoona za ntchito ndi penshoni (DWP), kenako khonsolo ya dera lako ndiyo imavomereza. Ngati pasipoti ikunena dzina la kwa bambo pomwe nambalayo unatengera dzina la pabanja, kapena kalembedwe kasiyana chilembo chimodzi, makina sakuzindikira ndipo khonsolo imakupempha zikalata zina. Kalata imeneyo ikagwera m'nyumba yogona anthu asanu, imakwiririka pamulu wa timapepala totsatsa malonda, munthu n'kumayesa analembetsa. Ukasamuka nyumba, umalembetsanso. Amene alibe nambala ya National Insurance asabwerere panjira: fomu ili ndi malo ofotokozapo chifukwa chake.

Funso lina losathamangira ndi la kaundula wotchedwa open register. Ameneyu aliyense angathe kumugula, makampani amalonda omwe. Kukana kulowamo sikukulanda voti. Koma kukhala m'kaundula wamkulu wa ovota kumathandiza mabanki kutsimikiza adiresi yako ukamafuna ngongole.

Kalembera amatseka masiku 12 ogwira ntchito chisankho chisanafike. Pambuyo pake kadi imabwera papositi yonena malo ovotera. Chisankho chimakhala Lachinayi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku. Kuyambira 2023, ku England amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi. Pasipoti ya Malawi amalandira, ngakhale yotha nthawi, bola nkhope ikufanana ndipo dzina ndi lomwe lili m'kaundula. Chithunzi cha pasipoti chojambula pafoni salola. Wopanda chiphaso apemphe chikalata chovotera chotchedwa Voter Authority Certificate pa GOV.UK pomwepo, ndi yaulere.