Ndemanga ya kalabu ya judo ya ku Chilenje, patatha miyezi isanu ndi umodzi

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Mwana wanga wamkazi, wa zaka 11, ndinamulembetsa chifukwa cha anyamata omwe ankamuvutitsa akamaweruka kusukulu. Ndinkafuna aphunzire kumenya. Masabata atatu oyamba ndinatsala pang'ono kumuchotsa. Ndalama ndalipira, koma mwana akungodzigwetsa pamati, kumenya dzanja pansi, kudzuka, kudzigwetsanso. Nkhonya ayi, mateche ayi.

Nditadandaula, a sensei, aphunzitsi a judo, sanakwiye. Anati, "Amayi, khalani pabenchipa mumve," n'kusonkhanitsa ana onse. Anafotokoza kuti judo inachokera ku jujutsu, luso lomenyera nkhondo la asamurai, asilikali akale a ku Japan, omwe ankapita kunkhondo atavala zodzitetezera zolimba thupi lonse. Munthu wotero ukamumenya nkhonya, zala zothyoka ndi zako. N'chifukwa chake nzeru zawo zinapita pa kugwetsa, kupotokola mkono ndi kukanyanga pakhosi. Nthawi ya asamurai itatha, mu 1876 boma linaletsa kuyenda ndi malupanga, ndipo jujutsu inayamba kuoneka ngati zachikale. Kano Jigoro, yemwe anali mphunzitsi, anatsegula Kodokan, sukulu yoyamba ya judo, ku Tokyo mu 1882. Njira zovulaza kwambiri anazichotsa pa kulimbana kwa tsiku ndi tsiku, kuti ophunzira azigwetsana ndi mphamvu zawo zonse mu randori, kulimbana koyeserera, koma mawa n'kubweranso ali bwinobwino. Kuti zimenezi zitheke, aliyense ayenera kuyamba wadziwa kugwa. Amati ukemi.

Ndinazimvetsa bwino nthawi ya mvula. Khonde lathu ndi lopaka Cobra, ndipo tsiku lina litanyowa mwanayu anaterereka chagada atanyamula ndowa. Ndinakuwa. Iye chibwano anali atachikanikiza kale pachifuwa, msana atapinda, mutu sunakhudze simenti. Anadzuka n'kutola ndowa yake. Pamenepo ndalama zanga zinabwerera.

Chinanso chimene ndimawalemekezera a sensei n'chakuti sanamiza ana. Amawauza kuti judo ya mipikisano, yomwe inalowa mu Olimpiki ku Tokyo mu 1964, ili ndi malamulo ake, moti kugwira miyendo komwe kale kunali kololedwa masiku ano n'koletsedwa. Mumsewu malamulo amenewo mulibe, ndiye akaona mpeni athawe. Anyamata aja anasiya kumuvutitsa, ngakhale sanamenyane nawo. Mayendedwe ake ndi amene anasintha.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mamati. Ndi ochepa, ena anang'ambika m'mbali, ndipo ana ang'onoang'ono amadikira nthawi yaitali kuti akuluakulu amalize. Kalasi ya Loweruka imachedwanso kuyamba. Yunifolomu, judogi, sagulitsa pamalopo. Yathu tinaipeza pa salaula titazungulira mtauni masiku awiri, ndiye yambani kusaka mwana asanayambe.

Talipira kale miyezi ina itatu, ndipo mng'ono wake ayamba akakwanitsa zaka 7.