Mawu awiri a Chingerezi omwe anandidyera ndalama ku Finland

Sabata yathayi mtsikana wina wa kwathu ku Dedza ananditumizira uthenga ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya, ati wapeza munthu womupezera ntchito kuno ku Finland, komanso "free room". Nditangoona mawu amenewo mtima wanga unagunda. Ndi mawu omwewo amene ndinawerenga ine mu 2023 ndili ku Area 25, n'kuthamangira kukauza amayi kuti Mulungu wayankha mapemphero athu.

Ndinafika mumzinda wa Tampere mu Ogasiti chaka chimenecho kudzaphunzira. Za sukulu zinali zitatheka, koma pogona ndi kantchito kogulira chakudya ndinalibe. Wophunzira wochokera kunja amaloledwa kugwira ntchito maola pafupifupi 30 pa sabata, ndiye ndinkadalira zimenezo. Pagulu lina la pa WhatsApp ndinapeza bambo wina wa kwathu komweko, wokhalitsa kuno. Ankanditcha chemwali, ine n'kumati achimwene. Ananditumizira mapepala awiri: lina la Chifinishi, lina la Chingerezi lomwe anati wamasulira yekha kuti ndisavutike. La Chingerezilo linali lalifupi, mzere wake waukulu unali woti "Room free 1.8. Deposit 800 €." Ine ndinamva kuti chipinda ndi chaulere popeza chikubwera ndi ntchito yokolopa m'maofesi, ndipo 800 euro ndi chikole chomwe adzandibwezera potuluka. Amalume anagulitsa ng'ombe kuti ndalamayo ipezeke. Pamwamba pake achimwenewo anandilipiritsa 240 euro, ati yomasulira masatifiketi anga anayi, 60 euro pepala limodzi.

Malipiro oyamba atabwera, pepala lake lomwe kuno amati palkkalaskelma linali ndi mzere wolembedwa vuokra, pambali pake 450 euro yochotsedwa. Vuokra ndi lendi. Ndinaimba foni manja akunjenjemera.

"Achimwene, si munati chipinda ndi chaulere?"

"Ayi chemwali, ine ndinati chili free. Mulibe munthu. Kodi munamvapo kuti ku Ulaya anthu amagona ulere?"

Usiku umenewo ndinabwerera m'mauthenga onse amene ankanditumizira, ngakhale a mawu omwe. Miyezi itatu yonse tinkalankhula Chichewa, koma akafika pa chipinda ankalumphira ku Chingerezi. Sanatchulepo mawu oti "chaulere" ngakhale kamodzi. Ankadziwa chimene ankachita.

Abale anga, mvetsetsani apa. Chingerezi chimalongedza zinthu zambiri m'thumba limodzi la free. Chifinishi sichitero, ngati mmene Chichewa chathu sichichitira. Ife tikati chaulere, chopanda munthu, kapena mfulu, palibe amene angasokoneze. Kuno chinthu chosalipira ndi ilmainen kapena maksuton. Vapaa ndi china: mpando wopanda munthu m'basi ndi vapaa, chimbudzi chomwe simunalowe munthu chimalembedwa vapaa pachitseko, tsiku lopuma kuntchito ndi vapaapäivä. Otsatsa nyumba amalemba vapaa heti, kutanthauza kuti mutha kulowa lero lomwe. Pepala langa la Chifinishi linkati huone vapaa 1.8., ndiye kuti chipinda chidzakhala chopanda munthu pa 1 Ogasiti. Mukaponya mawuwo pa foni kuti ikumasulireni, nayonso imatha kukupatsani free yemweyo, inu n'kumavina.

Ndinaganiza zopirira mpaka nditapeza pena. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, moti kangachepe komwe amayi ankayesetsa kunditumizira kanasanduka kosagulira ngakhale ndiwo za sabata. Kunja kunkada cha m'ma 3 koloko masana, chipale chili mbuu. Mu Januwale 2024 ndinapeza chipinda cha ophunzira chotchipa ku Hervanta, dera lina la mu Tampere momwemo, ndipo ndinauza achimwene aja kuti ndikutuluka, andibwezere deposit yanga. Anangoyankha kuti, "Werengani pepala lanu," foni n'kudula.

Mnzanga wina wa m'kalasi, mbadwa ya kuno, ndiye ananditengera kwa mayi wina womasulira wovomerezeka ndi boma, amene amatchedwa auktorisoitu kääntäjä. Mayiyu ndi munthu yekhayo wachilungamo amene ndinakumana naye pankhani yonseyi. Kaofesi kake kanali kakang'ono, kodzaza mabuku mpaka kudenga. Anandithirira khofi, navala magalasi, n'kuika mapepala awiri aja pambali ndi pambali. Ankawerenga ndi pensulo, mzere wa Chifinishi kenako wa Chingerezi, osalankhula kanthu. Atamaliza anatembenuza pepala la Chingerezi lija n'kulemba kumbuyo kwake mawu anayi, lililonse pamzere wake.

Vakuus, anatero, ndicho chikole chenicheni. Cha nyumba amati vuokravakuus. Lamulo silola kuti chipitirire lendi ya miyezi itatu, ndipo ukatuluka wopanda ngongole, usanawononge kanthu, chimabwezedwa. Pantti ndi dipoziti ya botolo, yomwe timaidziwa tonse pa golosale kwathu. Käsiraha ndi ndalama yoperekeratu pogula chinthu chachikulu ngati nyumba, ndipo ukabwerera m'mbuyo itha kukutayika. Kenako anazunguliza lachinayi ndi pensulo kawiri: varausmaksu, ndalama yosungitsira malo. Onsewa, anati, munthu waulesi kapena wakuba atha kuwatcha deposit. Pepala langa linali ndi lachinayilo. M'munsi mwake munali timawu tiwiri tomwe achimwene aja sanatimasulire n'komwe: ei palauteta. Sizibwezedwa.

Sindinalire pomwepo. Ndinalira atandionetsa mawu ena pamwamba pa tsambalo, määräaikainen. Achimwene aja anangolemba "contract 1 year", ine n'kumayesa kuti ndatetezedwa chaka chonse. Pangano la lendi lokhala ndi tsiku lothera limakumanga mpaka tsikulo. Likanakhala lija amati toistaiseksi voimassa oleva, lopanda tsiku lothera, ndikanapereka chidziwitso cha mwezi umodzi n'kunyamuka. Chipinda cha ku Hervanta chinapita kwa wina, ine n'kukhala m'chipinda cha "free" chija mpaka kumapeto kwa Julayi.

Werengerani nokha. 450 euro miyezi 12 ndi 5,400 euro. Onjezani 800, onjezani 240. Zonse 6,440 euro, pa chipinda chomwe ndinauza mudzi wonse kuti ndi chaulere! Mwini chipindacho, yemwenso anali wondilemba ntchito, anati 800 ija sanaionepo n'diso lomwe, ndipo ndikukhulupirira, chifukwa ndinaitumiza ku akaunti ya dzina lachilendo lomwe achimwenewo anandipatsa.

Ya 240 ija ndiyo imandiwawa mwapadera, chifukwa inali yongotaya. Mayi uja anandiuza kuti ofesi yoona za olowa m'dziko, Migri, imalandira mapepala a Chifinishi, Chiswidishi ndi Chingerezi. Masatifiketi anga ndi a Chingerezi kale. Panalibe chomasulira. Ndipo pakafunikadi kumasulira pepala la boma, si aliyense angatero. Mayina a omasulira ovomerezeka ali m'kaundula wa Opetushallitus, bungwe la boma loona za maphunziro, ndipo aliyense atha kufufuza pa intaneti. Tinafufuza limodzi, dzina la achimwene aja mulibe. Chidindo chachikulu chomwe anadinda pamapepala anga, mayiyo anati aliyense atha kukapangitsa ku shopu.

Pa ola lonse limenelo sanandilipiritse kanthu. Anati akandilembera kalata ya Chifinishi yoitanitsa ndalama yanga ndilipira 30 euro, anandiuziratu asanalembe, ndipo inali 30 euro yomweyo basi. Sanandinamize kuti ndipambana. Anandiuza za Kuluttajariitalautakunta, bungwe lomva madandaulo a ogula ndi a lendi mosalipiritsa, koma anandichenjeza kuti mlandu wanga ndi wofooka popeza siginecha yanga ili pansi pa ei palauteta. Anandiuzanso kuti malamulo a kuno amaletsa kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, n'chifukwa chake akathyali amabisa ndalamayo m'dzina la chipinda. Kalatayo sinayankhidwe mpaka lero. Nambala ya achimwene aja inasiya kugwira.

M'miyezi yozizirayo ndinkatola zitini ndi mabotolo m'njira ndikaweruka usiku, n'kukaponya m'makina a pakhomo pa sitolo. Chitini chimodzi ndi masenti 15, botolo lalikulu la pulasitiki masenti 40. Ndi mmene ndinkagulira buledi ndi mazira. Tsiku lina ndili pamakinapo, zala zitauma ndi kuzizira, ndinawerengera kuti ng'ombe ya amalume ibwerere ndiyenera kutola zitini zoposa 5,300.

Tsono inu amene mukulota za kuno, ndikuuzani mosapsatira. Mumadzitama kuti Chingerezi mumachitha, munakhoza bwino MSCE. Kuno chimenecho sichikutetezani. Ngati mwasaina pepala la Chifinishi, chimene chidzakumangeni ndi chimene chalembedwa m'Chifinishimo, osati kapepala kamene wakulemberani m'bale wanu wa pa WhatsApp. Wina akati free, mufunseni m'Chichewa kuti, "Ndilipira kapena sindilipira?" ndipo ayankhe molemba. Mufufuze nokha ngati palembedwa ilmainen kapena vapaa. Akati deposit, aloze ndi chala pamene palembedwa vuokravakuus, ndipo ndalamayo ipite kwa mwini nyumba yemwe dzina lake lili papangano. Akayamba zoti mukuchedwa, pali ena khumi akufuna chipinda chomwecho, musiyeni apatse khumiwo. Ndipo lekani kuchita manyazi kufunsa munthu chifukwa ndi wamkulu kapena ndi wa kwanu. Ine manyazi amenewo ndiwo anandidyetsa phula. Ndinkaona ngati kufunsitsa ndi kunyoza munthu amene akundithandiza.

Mtsikana wa ku Dedza uja poyamba anakwiya, ati ndikumuchitira nsanje poti ine ndinafika kale. Ndinamuumiriza kuti anditumizire pepala lake la Chifinishi, ndipo dzulo usiku watumiza. Pamzere wachitatu palembedwa vapaa, m'munsi mwake varausmaksu 950 €. Ndamuuza kuti asatumize ngakhale tambala. Mawa m'mawa ndiimbira mayi ake, chifukwa dimba lomwe akufuna kugulitsalo ndi lawo.